Chisuweni M'nyumba ya Boma

Nyumba zimene boma limapatsa akazi amasiye zimabwera ndi khutu: kabokosi kakuda kokhomedwa pamwamba pa chitseko, komvetsera ngati mwininyumba wakwatiwanso mobisa. Nachisale anakazolowera. Zakukhosi ankakakambira kudimba, ndipo mlamu wake akabwera ankamuyalira mphasa panja.

Masana amenewo ankasenda chinangwa, wailesi ikuulutsa mkangano wa kunyumba ya malamulo. Phungu wina ankati makutuwo azulidwe, akuvula anthu. Wina anakuwa kuti fakitale yowapanga ikatsekedwa, anthu akwawo adya chiyani?

"Odi, akazi anga! Mwandisungira chiyani lero?"

Anali Kaliwo, msuweni wake, atasuzumira kale pakhomo. Nthabwala imeneyi anaiyamba ali ana, ndipo pakamwa pa Nachisale panathamanga mutu usanaganize.

"Lowani, amuna anga osagula ndiwo inu."

Kabokosi kanayaka mofiira.

"Ukwati wamveka," kanatero mwaulemu. "Mutuluke pasanathe masiku asanu ndi awiri."

Nachisale anadzambatuka, mpeni udakali m'manja. "Ndi msuweni wanga uyu! Mwana wa amalume! Kwanu kulibe asuweni?"



Kaliwo anavula chipewa chake cha kufakitale n'kumachipinda. "Ndife timapanga timabokosi timeneti," ananong'ona. "Koma nzeru zake zimachokera kunja. Za chisuweni sanaziikemo."

Pawailesi aphungu ankaomba m'manja: nkhaniyo adzaionanso chaka chamawa.

Nachisale anaika mpeni pansi, namuyang'anitsitsa Kaliwo.

"Mwamva nokha, amuna anga," anatero osaseka. "Kandimangireni nyumba."