Tsiku Lomwe Keziya Ankadikira

Keziya anatsika galimoto ya apolisi isanaime n'komwe. Fumbi la ku Mlare lisanakhazikike, chala chake chinali chitaloza kale chitseko cha nyumba ya Mneneri Yotamu. Mwana ali mmenemo, anatero, ndipo lero ndi tsiku lachinayi.

Pabwalo panadzaza anthu a mpingo wa Kasupe wa Siloamu, mikanjo ili mbee, ng'oma zikulira. Ankapempherera Tusekile, mwana womaliza wa mneneriyo, amene anatentha thupi Lolemba. Mpingowu suponda kuchipatala. Jekeseni ndi tchimo, piritsi ndi kuchepa chikhulupiriro. Wodwala amamwa madzi odalitsa basi.

Madzi amenewo Keziya ankawadziwa bwino. Zaka zisanu zapitazo nayenso ankavala zoyera, ndipo ndiye ankayambitsa nyimbo. Mwana wake mmodzi yekhayo, Ambokile, atagwidwa ndi chikuku, Yotamu anazika ndodo yake pakhomo n'kunena kuti wotuluka ndi mwanayo watuluka mu ufumu wa Mulungu. Keziya anamvera. Ambokile anatsirizikira kumsana, mayi wake akuyimba.

Maliro atatha anavula mkanjo n'kuthamangira kupolisi. Zomwe anamva kumeneko zinamuwawa kuposa manda. Anamuuza kuti malamulo aakulu a dziko amalola munthu kupembedza ndi kulalikira zomwe amakhulupirira. Yemwe lamulo limamugwira ndi kholo lomana mwana wake chithandizo. Nanga kholo la Ambokile linali ndani? Anamulangiza kuti abwerere mwakachetechete asanadzimangitse yekha.

Anabwerera, koma zokhululuka ayi. Abale ankati zapita zapita. Zapita kwa ndani? Anasamutsa benchi yake ya tomato ndi usipa n'kuiika moyang'anizana ndi mpanda wa mneneri. Malonda pamenepo sankayenda, koma iye analibe nazo ntchito. M'mawa uliwonse ankawerenga ana a Yotamu, kudikira tsiku lomwe mmodzi adzasowe pabwalo. Inde, mayi wamkulu ndithu, ankadikira kuti mwana wa mnzake adwale. Ankadziwa kuti ndi nkhanza, ndipo manyazi sankachita.

Sajeni Khumbize, mayi wa ku Dedza wosakonda zolankhula zambiri, anatsika pamodzi ndi mlangizi wa zaumoyo. Ng'oma zinangoti zii. Mkulu wina wa mpingo anayamba kukalipa m'Chitumbuka, kenaka m'Chichewa, kuti boma lilibe mphamvu pa pemphero. Sajeni anavomera, nati apemphere mpaka mawa ngati akufuna, palibe awalande ng'oma.

"Koma ufulu wanu umathera pamene moyo wa mwana wayambira. Tsegulani chitseko."

Yotamu anali ataima pakhomo ndi ndodo yake, thukuta lili kamukamu. Munthu wozolowera kubangula uja lero mawu anali atamuthawa. Anapempha monong'ona kuti alendowo alowe okha, akakambirane m'nyumba. Keziya atamva zimenezi, mtima wake unangoti myaa. Anasendera pafupi kuti aliyense amve.

"Dada, mwandikumbukira? Ndine amake Ambokile."

Mneneri analowa ndi alendo ake n'kutseka chitseko.

Keziya anatsala panja, anthu a zoyera akumuyang'ana ngati mfiti. Amuyang'ane! Iye m'maso mwake munali unyolo umene anauona ukulendewera m'chiuno mwa sajeni. Anali atakonza kale zonse. Akamukweza Yotamu kumbuyo kwa galimoto, adzapempha dalaivala kuti ayendetse pang'onopang'ono pamsika, amalonda onse amuone. Kukhoti adzakhala mpando wakutsogolo. Chigamulo chikadzaperekedwa, adzapita kumanda kukamuuza mwana wake.

Chitseko chinatseguka. Yotamu anatuluka manja ali omasuka, nkhope ili pansi. Sajeni anakodola Keziya kuti apite kuseri kwa galimoto, kutali ndi makutu a anthu. Keziya anamutsatira. Kodi Tusekile wafa? Iye ankafuna bambo amangidwe, osati mwana aikidwe.

"Mayi, pano palibe mlandu," anatero sajeni motsitsa mawu. "Mwana tamuona m'nyumbamo, akumwa phala. Bambo ake anamuzembetsa okha Lolemba lomwelo, kudzera kumunda wa chinangwa, mpaka kuchipatala cha ku Rumphi komwe sadziwika. Ng'omazi ndi zoti anthu awo asadziwe."

Mlangizi uja anamutsegulira kabuku ka kusikelo ka Tusekile. Katemera yense anabayidwa, osaphonya ngakhale mmodzi. Woyamba anabayidwa sabata yomwe Yotamu analalikira pamaliro a Ambokile.