Kuphanga Kulibe Buku

Chiperoni chitangokuta phiri la Mulanje masanawo, a Jailosi, mlonda wa kanyumba kogona alendo okwera phiri, anapeza munthu ataima pakhomo. Anali a Morton, mphunzitsi wa ku Chitakale, tayi ili m'khosi, kuphazi nsapato imodzi.

"Akundisaka achipani, bambo. Ndigoneko muno lero, mawa ndiolokera ku Milanje, kutsidya kwa malire."

A Jailosi anayang'ana buku la alendo patebulo. Aliyense wogona m'nyumbamo ankalembamo dzina lake, ndipo bukulo linkatsikira kuboma mwezi ndi mwezi.

"Muno ayi," anatero a Jailosi. "Tsatani mtsinjewu, mukapeza phanga. Kuphanga kulibe buku. Ndipo paphiri pano mukapeza chakudya pamwala, n'cha mizimu. Mumangodya, osaitana mnzanu, osafunsa mwini wake."

"Za mizimuzo ine sindikhulupirira," anayankha aphunzitsiwo mowawidwa mtima, natembenuka akutsimphina.

A Jailosi anadikira mpaka nkhungu itawameza. Kenaka anafukula chinangwa chawo paphulusa, nachikulunga m'bulangete la alendo pamodzi ndi machesi, nalowa njira yachidule ya ocheka mkungudza.

Anayenda mothamanga. Mizimu inayenera kukafika kuphangako aphunzitsi asanafike.