Mbalame za Chadodolido

"Wadinda ndani miphika yamaluwayi?" anakalipa mwini shopu.

Mbalame zonse zodindidwa pamiphikayo zinali chadodolido. Dzulo lake, mayi wopenta anazondotsa miphikayo kuti penti aume, n'kuidinda ndi chidindo charabala asanaitembenuze.

"Ndi mlamu wanga, bwana," ananama mayiyo, maso ali pansi.

Mlamuyo, yemwe anali atangoyamba ntchito Lolemba, anavula epuloni mwakachetechete n'kumapita.

Masana kunabwera wogula. Ataona mbalamezo anaseka mpaka misozi, n'kutenga miphika yonse.

"Ndikufuna inanso yotere, koma adinde yemweyo."

"Thamangani mukamupepese mlamu wanuyo abwerere," bwana anauza mayiyo. "Mwina nanunso akuphunzitsani ntchito."

Mayi uja anakapeza mlamu wake kunyumba, akumuchapira zovala za ana.