Giya Yothiridwa Madzi

Panali munthu wina kudera lina lotchedwa Minas, dzina lake Adalberto, mkulu wodzimva koopsa. Mchimwene wake atamwalira, misozi isanaume n'komwe, iye analanda fakitale yosungunulira zitsulo m'manja mwa mkazi wamasiye, Zulmira. Mayiyu anali atagwira ntchitoyi ndi malemu amuna ake zaka zambiri, koma Adalberto anamusandutsa wophikira antchito khofi.

Zulmira zinamuwawa, koma sanalire pagulu. Anasunga mangawa n'kumadikira. Mlamu wakeyo ankamudziwa bwino: mkazi akati kumanja, iye ankalowera kumanzere.

Nyengo yodula nzimbe itafika, Anacleto, mlimi wamkulu amene alimi onse ankamumvera, anaoda giya ya makina ake ofinyira nzimbe. Antchito anathira chitsulo chosungunuka m'chikombole cha mchenga m'mawa, ndipo Adalberto pofuna kutchuka analonjeza kupereka giyayo tsiku lomwelo.

Zulmira anadikira kuti antchito asonkhane, n'kukweza mawu dala.

"Alamu, giyayo musaifukule, ndipo musayerekeze kuithira madzi. Izizire yokha mumchengamo mpaka mawa. Chitsulo chikazizira mothamanga chimauma gwa, koma chimasweka ngati galasi."

Adalberto anaseka chikhakhali.

"Mwamva anyamata? Ketulo yayamba kuphunzitsa ng'anjo! Iwe, bwerera kukhitchini. Fukulani! Bweretsani paipi!"

Anaifukula ili psuu n'kuithira madzi, nthunzi kuti tolo. Zulmira anabwerera kukhitchini akuimba kanyimbo.

Kunja giya inkaoneka bwinobwino. Koma tsiku loyamba, nzimbe zitangolowa m'makina, kunamveka kuti phwaa! Mano a giya anayoyoka, ndipo nzimbe zodula kale zinayamba kusasa padzuwa.

Anacleto anatulukira kufakitale ndi chibenthu cha giya m'manja. Pothyokapo panali mbee, ponyezimira, pomwe chitsulo chozizira modekha chimatuwa ngati phulusa.

"Wathira madzi ndani?" anakuwa motero.

"Abwanawa," anayankha antchito onse. "Chonsecho mayi anawaletsa ife tikumva."

Anacleto analumbira kuti palibe mlimi adzapondenso pamenepo Adalberto akadalipo. Zinaterodi. Ng'anjo inazima, antchito anayamba kuthawa, mpaka Adalberto anapita yekha kwa Zulmira makiyi ali m'manja, mwano wonse utatha.

"Mlamu, inu munkadziwa. Bwanji simunanditengere pambali?"

"Pambali mukanamva, alamu," anatero Zulmira. "N'chifukwa chake ndinanenera pagulu. Makiyiwo ikani patebulopo, ndipo potuluka musacheuke."

Phunziro: Chitsulo sachiziziritsa mokakamiza, ndipo mkwiyo wa wamasiye nawo suzizira chifukwa choti wakhala chete. Osalanda za amasiye, ndipo osakana malangizo poona amene wawanena. Tumizirani ena uthengawu, makamaka alamu aja amene maso ali pa katundu wa malemu.