Chidindo Chosatsuka

Mkwatibwi anafuna maluwa ofiira pa makhadi a ukwati wake. Mnyamata wosindikiza makhadiwo anali atadula kale mapepala onse pa makina, koma chidindo cha duwa chinali chidakali ndi inki yabuluu, youma. Mayi ake sankapita kogona asanatsuke zidindo. Ichi chokha anachisiya chosatsuka tsiku limene anagwa pampando, osadzukanso.

"Achimwene, tsukani tiyambe," anatero mlongo wake, atanyamula beseni. "Koleji munasiya, nayonso ntchito ya amayi muisiye?"

Iye anayang'ana madzi a m'besenimo, msana ukumuwawa. Kenako anakankhira beseni kumbali, natsegula inki yabuluu.

"Mkwatibwi akwiyatu."

"Akwiye," anatero, nadinda khadi loyamba.