Juzi ya Kompyuta

"Yayaka! Akazanga, thamangani muone, yayaka!" anakuwa wojambula zithunzi, akuvina ndi sikuludiraiva m'manja.

Sabata yonse kompyuta yake inkangozima yokha iye akukonza zithunzi za ukwati wa eni ake, mkwatibwi n'kumaimba foni osapuma. Lero anaitulutsa pansi pa tebulo ikutentha ngati simbi. Anazula kachipangizo ka m'kati kotchedwa RAM, n'kukapukuta ndi labala, n'kuuzira fumbi la pa fani yoziziritsa kompyutayo. Kansalu kamene kanatseka timabowo ta mpweya anakaponya uko.

"Injiniya ndine! Vuto linali kutentha basi. Ikamapuma bwino, kuzima kwatha!"

Apongozi ake, amene anabwera kudzacheza sabata yomweyo, analowa akumwetulira, chinthu chaubweya chili m'manja.

"Bambo, kansalu ndinaifunditsa kaja n'kopyapyala, n'chifukwa chake ikudwaladwala. Ndiye ndailukira juzi."

Anagwada n'kuiveka bwinobwino, timabowo tonse tseke, mabatani mpaka m'khosi.

Wojambula uja anatsegula pakamwa, koma mkazi wake anamutsina m'nthiti.

"Mwatithandiza kwambiri, amayi," anatero wojambulayo mwaulemu, uku fani ikuyamba kubuula.