Dengu la Mabatire

Banja lililonse m'mudzi linkalandira gawo lake la magetsi m'batire, ndipo kandege konyamula odwala kankadya gawo la banja la wodwalayo.

Namwino atamupima Mwandida anati, "Mwanayu watsogoza matako. Tiyesa kumutembenuza. Akakana mukachirire kuchipatala chachikulu, koma kandege kamafuna batire lodzaza."

Mwana anakanadi. Mwandida analeka kusita, amuna ake anazimitsa wailesi mpira uli mkati, koma batire silinafike ndi theka lomwe.

Apongozi ake ananyamula dengu losonkhera ufa pamaliro n'kuyenda khomo ndi khomo. "Tinazolowera kusonkhera wakufa. Lero musonkhere wobadwa."

Dengu linabwera lodzaza mabatire. Mwandida anauluka, mudzi unatsala ukudya zozizira. Atabwerako ndi mwana wamkazi, aliyense ankatambasula manja. "Bweretsani kuno, mayi. Ameneyu tinasonkha tonse."